Bakiteriya Alibe Maso, Nanga Shuga Wake Amamudziwa Bwanji?

Makalata asanu a mwezi uno achokera kwa anthu osadziwana, koma onse akuzungulira pa nkhani imodzi, ndiye ndawamanga mtolo umodzi. Ena ndawadula kuti malo akwane. Eni ake mundikhululukire.

Aphunzitsi, chaka chino chokha ndadwala katatu matenda a m'chikhodzodzo. Pokodza pamawotcha ngati moto. Adokotala anati ndi E. coli, ndipo anandiuza kuti kachilomboka kamagwirira pa shuga wa m'chikhodzodzo. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiyiratu shuga, koma matenda abweranso. Kodi anandinamiza? — Mayi wa ana atatu

Amayi, sanakunamizeni. Chakusokonezani ndi liwu loti shuga, chifukwa amene adokotala ankanena si wa m'kapu uja.

Selo lililonse la m'thupi mwanu linavala shuga kunja kwake. Ndi timikanda tating'onoting'ono tolumikizana, tina mzere umodzi, tina tanthambi ngati kamtengo, tomera pa mapuloteni ndi mafuta a pakhungu la selolo. Thupi limapanga lokha timikandati, mudye shuga kapena musadye. Mitundu yake ndi yambiri, ndipo m'kati mwa chikhodzodzo muli wina wotchedwa mannose, amene amakhala pa puloteni yoyala khoma la chikhodzodzo, dzina lake uroplakin.

Tsopano taganizirani vuto la E. coli. Ndi kanthu kakang'ono moti 500 atandandalika mzere angokwana milimita imodzi. Akalowa m'chikhodzodzo, kangapo pa tsiku kumabwera chigumula cha mkodzo. Wopanda pogwira amakokoloka. Choncho iye ali ndi tiubweya mazanamazana thupi lonse, ndipo kunsonga kwa kaubweya kalikonse kuli puloteni imodzi yotchedwa FimH, yokhala ndi kathumba kamene mannose amalowamo ndendende.

Ine zimenezi ndinazikhulupirira tsiku limene ndinaziona ndi maso, ndili wophunzira m'labotale. Umatenga kagalasi n'kudonthezapo madzi a yisiti, pakuti maselo a yisiti ali ndi mannose wochuluka pakhungu. Kenako umadonthezapo E. coli n'kupendeketsa kagalasiko uku ndi uku. Pasanathe mphindi ziwiri, madzi amene anali osalala amasanduka timibulu ngati mchenga wonyowa, chifukwa bakiteriya aliyense wagwira maselo angapo a yisiti n'kuwamangirira pamodzi. Ukayamba wathiramo mannose, timibulu sitipangika: timatumba tonse tadzaza kale, palibe chogwirira yisiti. Ukathiramo shuga wina wotchedwa galactose, timibulu timapangika ngati sunathiremo kanthu. Tsiku langa loyamba zinanditulukira mosemphana, ndipo ndinatha masana onse ndikukangana ndi mnzanga kuti buku linalakwitsa. Madzulo ndi pamene ndinazindikira kuti ndinasinthanitsa zolemba pa mabotolo awiri aja. Ufa wake ndi woyera mofanana, kulemera kofanana. Ine wamaso awiri ndinalephera kusiyanitsa, bakiteriya sanaphonye.

Amene anasonyeza kuti E. coli amamatirira pa maselo a munthu kudzera mwa mannose ndi Itzhak Ofek, David Mirelman ndi Nathan Sharon ku Israel mu 1977. Koma chimene chimandidabwitsa mpaka lero chinapezeka mu 2002 ku University of Washington, mumzinda wa Seattle, ndi Wendy Thomas, Viola Vogel, Evgeni Sokurenko ndi anzawo. Zinthu zambiri zomata ukazikoka zimamatuka. FimH ayi. Madzi akakhala bata imagwira mofooka, imataya n'kugwiranso, mwakuti bakiteriya amatha kuyendayenda pakhoma. Madzi akayamba kuthamanga n'kumukoka, zigawo ziwiri za puloteniyo zimatalikirana pang'ono, ndipo kathumba kaja kamafinya mannose. Ndi khwekhwe weniweni: nyama ikamakoka ndi pamene chingwe chimathina. Mkodzo umene umayenera kumukokolola ndi umenenso umamulimbitsa dzanja.

Thupi nalo silinagone. Impso zimatulutsa puloteni yotchedwa uromodulin, imene Igor Tamm ndi Frank Horsfall anaifotokoza mu 1950, ndipo ndiyo yochuluka kuposa mapuloteni ena onse mumkodzo wa munthu wabwinobwino. Nayo inavala mannose. E. coli akaigwira poganiza kuti ndi khoma, amatuluka nayo limodzi pokodza.

Nanga bwanji matenda akubwerabwera? Kwawo kwa E. coli ndi m'matumbo, ndipo njira ya mkodzo ya mayi ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4, choncho ulendo wake si wautali. Kafukufuku wa pa mbewa wasonyezanso kuti ena akagwira khoma amalowa m'kati mwa selo n'kubisala, mankhwala n'kudutsa. Kusiya shuga sikuchotsa mannose wa pakhoma. Komabe kayezetseni matenda a shuga, chifukwa amene shuga wakwera m'magazi amadwala matendawa kawirikawiri, pa zifukwa zina. Pemphaninso kuti mkodzo aupime m'labotale kuti adziwe mankhwala amene bakiteriya wanuyo amawamvera. Ndipo mukamva kutentha thupi, kunjenjemera ndi kuwawa m'mbali mwa msana, musadikire kuti kuche. Pali mitundu ya E. coli yokhala ndi puloteni inanso, PapG, imene imagwira galactose awiri olumikizana, ndipo shuga ameneyo ali mu impso.

Aphunzitsi, m'buku lathu analemba kuti glucose, mannose ndi galactose onse ndi C6H12O6. Ngati ali chimodzimodzi, puloteni yopanda maso ngakhale ubongo imawasiyanitsa bwanji? Aphunzitsi athu anangoti ndi kiyi ndi loko, basi. — Wophunzira wa sekondale

Mwanawe, funso lako ndalikonda kuposa onse, ndiye pirira, ndichedwapo.

Tambasula manja ako. Zala zisanu uku, zisanu uku, mafupa ofanana. Koma wina atakupatsa moni mumdima ndi dzanja lamanzere, ungadziwe pompo osaona. Chakuuza si chiwerengero cha zala, koma kumene chala chachikulu chaloza.

Shuga atatuwa ali ngati mphete ya mipando 6, isanu ya kaboni, umodzi wa okosijeni. Mpheteyo si yophwatalala, ndi yopindika. Pa mipando ya kaboni pamatuluka timikono ta okosijeni womangana ndi haidirojeni, tija mumalemba kuti OH. Kamkono kakhoza kugona cham'mbali kapena kuima chilili. Pa glucose, ta pampando wachiwiri, wachitatu ndi wachinayi tonse tagona. Pa mannose, ka pampando wachiwiri kaima. Pa galactose, kaima ndi ka pampando wachinayi. Kusiyana kwake konse n'komweku, kamkono kamodzi. Anazindikira kusiyana kumeneku ndi Emil Fischer wa ku Germany cha m'ma 1891, kulibe makina oonera maatomu, ndipo ndi yemweyo amene anayambitsa fanizo la kiyi ndi loko mu 1894.

Puloteni ndi unyolo wa timagawo totchedwa amino acid, wopindidwa mwa njira imodzi yokha. Popindikapo pamatsala kathumba, ndipo m'makoma mwa kathumbako timagawo tina timaloza m'kati, chilichonse pamalo pake. Maonekedwe a FimH anaoneka koyamba mu 1999 pogwiritsa ntchito kuwala kwa X-ray. Mannose akalowa m'kathumba kake, pafupifupi kamkono kalikonse kamapeza kanzake kokadikirira. Haidirojeni wa mbali iyi amakokedwa ndi okosijeni kapena naitirojeni wa mbali inayo, ngati timaginito tofooka. Ka pampando wachiwiri kaja, koima, kamakumana ndi nsonga yeniyeni ya unyolo wa puloteniyo. Lowetsamo glucose: kamkono kameneko kagona, kaloza kwina, sikapeza mnzake, ndipo kamagunda pamene sipayenera.

Mwina ufunsa kuti kamkono kamodzi kangalepheretse bwanji zonse, pamene tinzake tagwira. Yankho lili m'madzi, ndipo mabuku ambiri amadumpha pamenepa. Shuga amakonda madzi, n'chifukwa chake amasungunuka. Asanalowe m'kathumba, kamkono kalikonse n'kogwirana kale ndi madzi, ndipo kathumbako nako n'kodzaza madzi. Kuti agwirane, onse awiri ayenera kutaya madzi awo. Ndi malonda osinthana, ndipo phindu lake n'lochepa kwambiri. Kamkono kamodzi kakataya madzi koma osapeza cholowa m'malo, phindu lonse latha, shuga amabwerera m'madzi.

Pali njira zina ziwiri zimene mapuloteniwa amawonjezera. Mphete ya shuga ili ndi nkhope ina yopanda timikono, yosakonda madzi, ngati yodzola mafuta. Nkhope imeneyi imagona bwino pa amino acid zophwatalala monga tryptophan ndi tyrosine, ngati ndalama yachitsulo pa inzake. Poizoni wa kolera amagoneka galactose pa tryptophan. FimH ili ndi tyrosine ziwiri pakhomo pa kathumba, ya nambala 48 ndi ya 137, zimene zimapana mikanda yotsatira ya shugayo ngati zitseko. Njira ina ndi kashiamu. Pseudomonas aeruginosa, bakiteriya wovuta pa zilonda zamoto ndi m'mapapo, ali ndi puloteni ya LecA yogwira galactose mothandizidwa ndi atomu imodzi ya kashiamu, ndi ya LecB yogwira shuga wina wotchedwa fucose ndi maatomu awiri. Kashiamuyo amakhala ngati mlatho pakati pa puloteni ndi timikono ta shuga.

Mapuloteni onse osankha shuga otere amatchedwa lectin. Dzinali anapereka ndi William Boyd mu 1954, kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kusankha. Yoyamba kudziwika sinali ya bakiteriya, inali ricin, poizoni wa mu nsatsi, amene Hermann Stillmark mu 1888 anaona kuti amaunjika maselo ofiira a magazi. Ulimbo umagwira mbalame iliyonse yotera. Lectin imasankha.

Tsono za kiyi ndi loko. Aphunzitsi ako sanalakwe, koma ine fanizoli silindikwanira, chifukwa limakupatsa chithunzi cha chitsulo chotsekeka kamodzi n'kukhala chomwecho. Zoona zake n'zakuti lectin zambiri zimagwira shuga mmodzi mofooka kwambiri, zimataya pakangodutsa kamphindi. Mphamvu yawo ili m'kuchuluka. Yang'ana njere ya chisoso pa thalauza: kambedza kamodzi si kanthu, koma pamene kena kakutaya, tina tagwira. Bakiteriya wa tiubweya mazana kuti achoke pafunika tonse titaye nthawi imodzi, ndipo zimenezo sizichitika wamba. Poizoni wa kolera ali ndi zigawo 5 zofanana zozungulira ngati duwa, chilichonse ndi kathumba kake ka shuga wa m'matumbo wotchedwa GM1. Poizoni wa Shiga, wa kamwazi ndi wa mitundu ina yoopsa ya E. coli, alinso ndi zigawo 5, koma chilichonse chili ndi malo atatu, onse pamodzi 15. Shuga amene iye amafuna, Gb3, ndi wochuluka m'timitsempha ta mu impso, ndiye ukamva kuti matenda oyambira m'mimba awononga impso, monga zinachitikira ku Germany mu 2011 pamene anthu oposa 50 anamwalira, dziwa kuti poizoni anatsata shuga wake.

Kufooka kumeneku n'kothandizanso posankha. Selo lokhala ndi shuga woyenera apa ndi apo, bakiteriya amaligwira n'kulitaya. Selo lodzaza naye, amakhazikikapo.

Bambo Aphunzitsi, ndinamva pa wailesi kuti ife a magazi a gulu O kolera amatipweteka kwambiri. Ndi zoona, kapena ndi zoopseza chabe? — Bambo wa gulu O

Ndi zoona ndithu, bambo, koma muzimve bwino. Kafukufuku wa ku Bangladesh kuyambira m'ma 1980 wasonyeza kuti a gulu O akadwala kolera, nthawi zambiri amadwala modetsa nkhawa kuposa anzawo. Sizikutanthauza kuti a A kapena B ndi otetezeka.

Magulu a magazi nawo ndi nkhani ya shuga. Pafupifupi tonse tili ndi kamtengo kofanana ka shuga kokhala ndi fucose kunsonga. A gulu A anawonjezerapo mkanda umodzi, a gulu B mkanda wina, galactose, ndipo inu a O simunawonjezerepo kanthu. Timitengoti sitili pa magazi pokha, mwa anthu ambiri tilinso m'malovu ndi m'matumbo. Kuwonjezera pa kathumba ka GM1, poizoni wa kolera ali ndi malo ena cham'mbali ogwira shuga wa magulu a magazi, ndipo sagwira magulu onse mofanana.

Helicobacter pylori, wa zilonda za m'mimba uja, naye ali ndi puloteni, BabA, yogwira shuga wa fucose wotchedwa Lewis b. Mu 2004 ofufuza anapeza kuti pakati pa eni nthaka a ku South America, kumene pafupifupi aliyense ndi wa gulu O, mitundu yambiri ya bakiteriyayu imagwira bwino shuga wa gulu O wokha, pamene ya kwina imagwira A, B ndi O yemwe. Bakiteriya anatengera eni nyumba.

Musadandaule ndi magazi anu. Gulu O lomwelo limateteza ndithu ku malungo aakulu. Pa kolera, madzi aukhondo ndi kuthamangira thanzi ORS n'zofanana kwa A, B, AB ndi O.

Aphunzitsi, ndimaweta nkhumba. Ana a nkhumba yaikazi imodzi amatsegula m'mimba n'kufa, a inzake m'khola loyandikana ali gwa, chakudya chimodzimodzi. Anzanga akuti pali munthu. — Mlimi wa nkhumba

Musanaloze munthu chala, bambo, itanani alangizi a ziweto, pakuti zoyambitsa zilipo zingapo. Chimodzi mwa izo ndi E. coli wa tiubweya totchedwa K88 kapena F4, timene timagwira shuga wa m'matumbo mwa ana a nkhumba. Kuyambira m'ma 1970 zimadziwika kuti nkhumba zina zimabadwa zopanda pogwirira pake, ndipo zimenezi n'zotengera kwa makolo. Bakiteriya yemweyo amalowa m'makola onse awiri, kwina amagwira, kwina amangodutsa. Onetsetsaninso kuti ana onse ayamwa mkaka woyamba maola oyambirira, ndipo funsani za katemera wa nkhumba yabere.

Aphunzitsi, odwala ena akubwera ndi ufa wa D-mannose umene agula pa intaneti, akuti umaletsa matenda a m'chikhodzodzo kubwerera. Ndiziwauza chiyani? — Namwino

Anamwino, ganizo lake si labodza. Ndi lomwe lija la kagalasi kanga: dzazani timatumba ndi shuga woyandama, bakiteriya asowe pogwira. Mu 1979 gulu la Sharon linasonyeza pa mbewa kuti shuga wa mtundu wa mannose akalowa m'chikhodzodzo limodzi ndi E. coli, mbewa zodwala zimachepa. Ubwino wake ndi woti bakiteriya simumupha, mumangomutereretsa, ndipo pali chiyembekezo kuti sangafulumire kupima monga amachitira ndi mankhwala omupha.

Chilengedwe chinatitsogolera kalekale pa nzeru imeneyi. Mu mkaka wa m'mawere, mukachotsa madzi, choyamba kuchuluka ndi lactose, chachiwiri mafuta, chachitatu ndi timitengo ta shuga ta mitundu yoposa 100 timene mwana satha kugaya n'komwe. Timakhala magalamu 5 mpaka 15 pa lita, ndipo mu mkaka woyamba wachikasu uja timaposa pamenepo. Mayi amawonongeranji mphamvu kupanga chakudya chosadyeka? Mbali ina n'chodyetsa mabakiteriya abwino a m'matumbo monga Bifidobacterium. Mbali ina ndi nyambo: timafanana ndi shuga wa pakhoma la matumbo, ndiye oyambitsa matenda amagwira timeneti n'kutuluka nato. Ku Mexico City, kafukufuku wofalitsidwa mu 2004 anapeza kuti ana oyamwa mkaka wokhala ndi shuga wa fucose wochuluka wotchedwa 2'-FL ankatsegula m'mimba chifukwa cha bakiteriya wa Campylobacter mocheperapo.

Koma ufa wa m'botolo ndi nkhani ina, ndipo apa ndiyenera kunena mosapsatira ngakhale zimandiwawa, pakuti ndinali m'gulu la ouyembekezera. Kafukufuku wa ku Croatia wa mu 2014, wa amayi 308, anaoneka wolimbikitsa, koma amayiwo ankadziwa chimene akumwa. Mu 2024 kunatuluka wina wa ku Britain, wa amayi 598, theka akumwa magalamu 2 a D-mannose tsiku lililonse kwa miyezi 6, theka ufa wina wongofanana nawo, popanda wodziwa kuti akumwa uti. Amene anabwereranso kuchipatala ndi zizindikiro za matendawa anali 51 pa 100 alionse mwa omwa mannose, ndi pafupifupi 56 pa 100 alionse mwa enawo. Kusiyana kotere kukhoza kungochitika mwamwayi, ndipo ofufuzawo anati ufawu usamalimbikitsidwe pa ntchito imeneyi.

Maganizo anga pa chifukwa chake ndi awa. Pa kagalasi, ine ndimathira mannose wochuluka mmene ndifunira, pamalo pomwepo. M'thupi, ufa uyenera kudutsa m'matumbo, m'magazi ndi mu impso, ndipo wofika mumkodzo amatayidwa pokodza paliponse. Akafikanso, iye ndi mkanda umodziumodzi woyandama, kulimbana ndi khoma lodzaza mikanda limene bakiteriya waligwira ndi manja mazana, khwekhwe atathina kale. Komanso si matenda onse a m'chikhodzodzo amene amayamba ndi bakiteriya wodalira mannose.

Ntchito sinaime. Ku Washington University, mumzinda wa St Louis, Scott Hultgren ndi James Janetka anamangirira mchira wophwatalala ku mannose, umene umakakamira pakati pa tyrosine ziwiri zapakhomo zija, ndipo mankhwala otere amagwira FimH mwamphamvu kuposa mannose wamba maulendo masauzande. Pa mbewa anagwira ntchito. Ena akuyesa katemera woti thupi lipange chitetezo chotseka FimH yeniyeniyo. Zonsezi sizinafike pa shelefu yanu.

Ndiye wodwala akakuonetsani botolo, musamuseke, nzeru yake ili ndi mutu. Muuzeni kuti kwa anthu ambiri ufawu suvulaza kupatula kutupitsa kapena kutsegula m'mimba, koma kafukufuku wamkulu sanaupeze phindu, ndipo sungachize matenda amene ayamba kale. Ngati ndi woyembekezera, wa matenda a shuga, kapena watentha thupi, botolo alibweze m'chikwama, inu mumupatse kabotolo ka mkodzo apite nako ku labotale.